Zipangizo zodikira tsiku la ngozi: pa siteshoni ya nyukiliya amazikonza liti, ndipo wokakamiza ndani?

Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, ZESCO inafika pozimitsa magetsi maola 21 pa tsiku. Kuno ku Chipata zigayo zinaima, owotcherera zitsulo ku Kapata ankadzuka pakati pa usiku kuthamangira malaiti akabwera, ndipo makala anakwera mtengo. M'masiku amenewo mawu akuti nyukiliya anayambanso kumveka pa wailesi ndi m'magulu a WhatsApp. Ena ankati njira ndi imeneyo chifukwa siyembekeza mvula. Ena ankangotchula ngozi za nyukiliya za ku Chernobyl ndi ku Fukushima, nkhani n'kuthera pomwepo.

Pali mbali ina imene magulu awiriwa satchula kawirikawiri, ngakhale kuti ogwira ntchito pa masiteshoni a nyukiliya amagona nayo n'kudzuka nayo. Siteshoni iliyonse ili ndi makina ambirimbiri amene sapanga magetsi ngakhale pang'ono. Ntchito yake ndi kudikira tsiku limene zinthu zidzavute. Makina amenewa ayenera kuyesedwa ndi kukonzedwa pa nthawi yoikika, ndipo kunja kwa kampani kuyenera kukhala wina wamphamvu zonena kuti, "Simunakonze, zimitsani." Zoti Zambia imange kapena isamange ndazisiyira inu. Changa n'chakuti pokangana, mbali imeneyi isasowe.

Zambia ilibe siteshoni ya nyukiliya. Mu Meyi 2018 boma linasainirana ndi kampani ya Rosatom ya ku Russia mgwirizano womanga malo a kafukufuku ku Chongwe, okhala ndi reactor (chipangizo chimene amaswera maatomu kuti atulutse kutentha) yaing'ono ya mamegawati 10, yophunzirira ndi kupangira zinthu zothandiza m'zipatala, osati yopangira magetsi. Mu Africa yense siteshoni ya nyukiliya yopanga magetsi ndi imodzi, ya Koeberg pafupi ndi Cape Town, imene ma reactor ake awiri anayamba ntchito mu 1984 ndi 1985. Egypt ikumanga yake ku El Dabaa kuyambira 2022. N'chifukwa chake zitsanzo za pano zichokera kutali.

Moto umene sutha ukazimitsidwa

Mkati mwa reactor muli timibulu ta yureniyamu tolongedwa m'timachubu tachitsulo. Maatomu a yureniyamuyo akamasweka amatulutsa kutentha, kutenthako kumawiritsa madzi, nthunzi n'kuzunguza makina opanga magetsi. Pakachitika vuto, ndodo zozimitsira zimalowa pakati pa yureniyamuyo m'masekondi ochepa, kuswekako n'kuima.

Ambiri amasokonezekera apa. Kusweka kukaima, kutentha kumapitirira. Zotsalira za maatomu amene anasweka kale zimatenthabe pazokha, ndipo palibe switchi yozizimitsira. Reactor ikangozimitsidwa, kutentha kotsala kumakhala magawo 6 kapena 7 pa magawo 100 a mphamvu yake. Pakatha ola limodzi kumatsikira pa gawo limodzi ndi theka, pakatha tsiku kumakhala kosakwana gawo limodzi. Zikumveka zochepa, koma reactor yaikulu imatulutsa kutentha kwa mamegawati pafupifupi 3,000 kuti ipange magetsi a mamegawati 1,000. Ndiye kuti ikangozima, mkati mwake mumatsala kutentha kwa mamegawati pafupifupi 200, kokwanira kusungunula yureniyamu ndi zitsulo zake ngati madzi aleka kuyenda.

Pamafunika madzi, madzi amafuna mapampu, mapampu amafuna magetsi. Siteshoni imene imadyetsa mizinda yathunthu, ikazima nayonso imayamba kupempha. Imakoka magetsi ku mawaya a kunja, ndipo amenewo akaduka chiyembekezo chimatsalira pa majenereta akuluakulu a dizilo ndi mabatire. Tikamati zipangizo zotetezera tikunena zimenezi: ndodo zozimitsira, mapampu othira madzi pa ngozi, mavalavu otsegula ndi kutseka njira za madziwo, majenereta, mabatire, ndi chinyumba cholimba cha konkire ndi chitsulo chotsekera zonse mkati. Zambiri mwa izi zimaikidwa ziwiriziwiri, kwina zitatu kapena zinayi, kuti china chikakana chinzake chigwire.

Ku siteshoni ya Fukushima Daiichi ku Japan pa 11 Malichi 2011, ndodo zinagwira bwino ntchito chivomezi chitangoyamba. Mawaya a kunja anagwa, majenereta analira monga mwa dongosolo. Pasanathe ola, mafunde a m'nyanja otalika mamita pafupifupi 14 anamiza majeneretawo, amene ambiri anali m'zipinda za pansi. Ma reactor atatu anasungunuka mkati chifukwa cha kutentha kotsala kuja.

Kuyesa chinthu chimene chimangokhala

Basi yochoka ku Chipata kupita ku Lusaka imanyamula tayala la sipeya. Matayala amene akugudubuzika pa msewu akayamba kuvuta, dalaivala amamva pa chiwongolero. La sipeya silidandaula. Likhoza kukhala lophwa miyezi itatu popanda wodziwa, mpaka usiku umene tayala lidzaphulike pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa. Zipangizo zotetezera reactor zili chimodzimodzi: kuwonongeka kwake n'kobisika, chifukwa tsiku ndi tsiku palibe amene amazigwiritsa ntchito.

Njira yake ndi imodzi, kuziyesa dala. Pa masiteshoni ambiri a ku America jenereta ya dizilo imalizidwa mwezi uliwonse, ndipo iyenera kukhala yokonzeka kupereka magetsi m'masekondi pafupifupi 10. Mapampu ndi mavalavu ambiri amayesedwa pa miyezi itatu iliyonse. Ntchito zikuluzikulu, zofuna kutsegula reactor yeniyeniyo, zimadikira nthawi yosintha yureniyamu, imene pa masiteshoni ambiri imabwera pakatha miyezi 18 mpaka 24. Ku France reactor iliyonse imaimanso pa zaka 10 zilizonse kuti iunikidwe mozama.

Malamulo amenewa anakhwima chifukwa cha zimene zinachitika. Pa siteshoni ya Salem ku New Jersey, pa 22 ndi pa 25 Febuluwale 1983, maswitchi awiri amene amayenera kugwetsa okha ndodo zozimitsira anakana onse pamodzi. Wogwira ntchito anazimitsa reactor ndi dzanja, ngozi n'kupeweka. Atafufuza anapeza kuti maswitchiwo sankasamalidwa moyenera, timakina take tamkati tinali titauma n'kumagwira. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti kukana kwa tsiku loyamba lija kunazindikirika pambuyo pa kukana kwachiwiri. Bungwe loyang'anira nyukiliya ku America, la NRC, linatulutsa lamulo lapadera la kukonza makina mu 1991, ndipo linayamba kugwira ntchito mu Julayi 1996.

Kukonza nakonso kumabweretsa mavuto ake, ndipo mfundo imeneyi imadabwitsa ambiri. Munthu akamasula pampu akhoza kuibwezera molakwika, kapena kuiwala valavu ili yotseka. Ku siteshoni ya Three Mile Island ku America pa 28 Malichi 1979, mapampu othandizira analira bwinobwino koma madzi sanadutse kwa mphindi 8, chifukwa mavalavu awiri a kutsogolo kwake anali otseka, patangopita masiku awiri mapampuwo atayesedwa. Chimene chinasungunula reactor chinali valavu ina imene inakanirira yotseguka kwa maola oposa awiri, koma mavalavu otseka aja anawonjezera chisokonezo pa mphindi zimene anthu anafunika kuganiza mofatsa. Choncho kuchulukitsa kukonza sikuti nthawi zonse kumawonjezera chitetezo. Mainjiniya amasakasaka mlingo wake, ndipo ntchito iliyonse ikatha makinawo amayesedwanso asanalembedwe kuti ali bwino.

Wotchi imene imayamba kuyenda

Mawu akuti "pa nthawi yake" pa siteshoni ya nyukiliya amawerengedwa m'maola. Layisensi ya siteshoni imabwera ndi buku la malamulo lonena chipangizo chilichonse, kuchuluka kwa zimene ziyenera kukhala zokonzeka, ndi nthawi imene reactor ingapitirize kugwira ntchito china chikawonongeka. Jenereta imodzi mwa ziwiri ikapezeka yakufa, wotchi imayamba. M'malamulo akale a ku America nthawi yake inali maola 72, ndipo masiteshoni ambiri pambuyo pake analoledwa masiku 7 kapena 14 atasonyeza kuti ali ndi njira zina zopezera magetsi. Nthawiyo ikatha jenereta isanakonzedwe, reactor iyenera kuzimitsidwa m'maola ochepa, ngakhale kuti china chilichonse chikuyenda bwino.

Tibwerere ku basi ija. Sipeya ikagwiritsidwa ntchito pa Sinda, palibe amene amayembekeza kuti dalaivala atsitse anthu m'tchire. Apitirize mpaka pa Petauke akamatitse tayala. Koma akaganiza zopita ku Lusaka ndi kubwerako opanda sipeya chifukwa matikiti agulidwa kale, wayamba kutchova juga ndi miyoyo ya anthu. Mkangano wonse wa nkhani ino wagona pa mtunda wa pakati pa Petauke ndi Lusaka: angayende mpaka pati, ndipo wonena ndani?

Kampani ikhoza kupempha nthawi yowonjezera, ndipo pempholo nthawi zina limakhala lomveka. Kuzimitsa reactor mwadzidzidzi nako kumagwedeza makina ndipo kuli ndi chiopsezo chake. M'nyengo ya kuzizira koopsa, kuchotsa mamegawati 1,000 pa mawaya kukhoza kusiya zipatala mumdima. Komanso tsiku lililonse limene reactor yaima, kampani imataya ndalama zambiri, ndipo n'kovuta kusiyanitsa pempho lochokera ku nzeru ndi lochokera ku thumba.

Nkhani ya Davis-Besse, siteshoni ya m'mbali mwa nyanja ya Erie ku Ohio, ndi imene amaphunzitsira mfundo imeneyi. Mu 2001 pa siteshoni ina yofanana nayo, ya Oconee, anapeza ming'alu m'timapaipi todutsa pa chivundikiro cha reactor. NRC inauza masiteshoni amene anali pa chiopsezo chachikulu kuti aunike zivundikiro zawo pofika 31 Disembala 2001. Kampani ya FirstEnergy, mwini wa Davis-Besse, inapempha kudikira mpaka kumapeto kwa Malichi 2002, nthawi yosintha yureniyamu. Anakumana pakati, n'kugwirizana za 16 Febuluwale.

Atatsegula, mu Malichi anapeza dzenje. Madzi a mu reactor ya mtundu umenewu amakhala ndi asidi wa boron, ndipo asidiyo anakhala akudontha pa mng'alu kwa zaka, n'kudya chitsulo chochindikala masentimita pafupifupi 15. Chimene chinatsala chinali kachitsulo kosachita dzimbiri ka mkati, kochindikala pafupifupi sentimita imodzi, katayamba kale kutukumuka. Kuseri kwake kunali madzi otentha opanikizika kuposa mpweya wa m'tayala la galimoto maulendo oposa 60. Zizindikiro zinalipo kale: masefa a mpweya m'chinyumba cha reactor ankatsekeka ndi dzimbiri pafupipafupi, ndipo zithunzi zinkasonyeza zoyangayanga zofiirira pa chivundikirocho. Ogwira ntchito ankasintha masefa, gwero la dzimbirilo osalilondola.

Siteshoniyo inaima zaka ziwiri, mpaka Malichi 2004. NRC inalipiritsa kampaniyo madola 5.45 miliyoni, ndipo mu 2006 kampaniyo inavomera kulipira madola 28 miliyoni pa mlandu wopereka uthenga wabodza kwa oyang'anira. NRC nayo sinapulumuke. Ofesi yake yofufuza zamkati inanena kuti polola kuchedwako bungwelo linaganizira kwambiri za ndalama zimene kampani ikanataya. Akuluakulu amene analola anayankha kuti anaweruza potengera mawerengedwe a chiopsezo amene anali nawo pa nthawiyo. Kwa ine chophunzira chachikulu chili pa mawerengedwewo: anali okhudza ming'alu, pamene dzenje lija panalibe amene ankalidziwa. Munthu amawerengera chiopsezo chimene wachiona, ndipo cholinga cha kuunika n'kupeza chimene sanachione.

Mndandanda ndi mapepala

Oyang'anira sangagwire bawuti iliyonse. Ntchito yawo yambiri ndi kuwerenga zimene kampani yalemba ndi kusankha zina zokaona ndi maso. Pepala likalakwika, kapena likanama, dongosolo lonse limayenda mumdima.

Ku Mihama ku Japan, pa 9 Ogasiti 2004, paipi ya madzi otentha inaphulika n'kupha antchito 5. Madziwo analibe cheza choopsa, anthuwo anafa ndi nthunzi. Paipiyo inali itadyeka kuchoka pa mamilimita 10 kufika posakwana mamilimita 2, ndipo chigawo chimenecho chinali chisanapimidwepo chiyambire ntchito mu 1976, chifukwa chinaiwalika pa mndandanda wa zoyenera kupima. Zaka ziwiri izi zisanachitike, mu 2002, kampani ina ya magetsi ya ku Japan, ya TEPCO, inavomera kuti inabisa ndi kusintha zolemba za kuunika, ndipo pofika Epulo 2003 ma reactor ake onse 17 anali ataima. Ku South Korea mu 2012 ndi 2013 kunapezeka zipangizo masauzande zokhala ndi masatifiketi achinyengo, kuphatikizapo mawaya oyendetsera makina otetezera. Ma reactor angapo anazimitsidwa, ndipo anthu pafupifupi 100 anaimbidwa milandu.

Woyang'anira ndi ufulu wake

Poyamba m'mayiko ambiri bungwe limodzi linkagwira ntchito ziwiri, kulimbikitsa nyukiliya ndi kuiyang'anira. America inagawa ntchitozi ndi lamulo la 1974, NRC n'kuyamba mu Januwale 1975. Japan inachedwa. Mpaka pa ngozi ya Fukushima, oyang'anira ake anali pansi pa unduna womwewo umene unkalimbikitsa magetsi a nyukiliya, ndipo komiti ya nyumba ya malamulo ya dzikolo inanena kuti ngoziyo inali yopangidwa ndi anthu. Bungwe latsopano loima palokha linakhazikitsidwa mu Seputembala 2012. Pangano la mayiko la chitetezo cha nyukiliya, la 1994, limalamula kuti woyang'anira alekanitsidwe ndi olimbikitsa.

Ku America siteshoni iliyonse ili ndi oyendera a boma osachepera awiri amene amagwira ntchito pomwepo tsiku lililonse, ndipo amaloledwa kulowa paliponse. Kuyambira mu 2000, zolakwika zimene apeza zimapatsidwa mtundu malinga ndi kukula kwa chiopsezo: wobiriwira, woyera, wachikasu, wofiira. Mtundu ukamakwera, oyendera amachuluka, mpaka siteshoni ikhoza kuletsedwa kuyambanso ntchito.

Anthu ambiri amaganiza kuti bungwe la IAEA la ku Vienna ndilo polisi wa masiteshoni onse. IAEA, imene inakhazikitsidwa mu 1957, imalemba miyezo, imaphunzitsa, ndipo imatumiza akatswiri kukaunika dziko likaitana. Mphamvu yotseka siteshoni ilibe. Udindo woyamba wa chitetezo ndi wa kampani yokhala ndi layisensi, ndipo mphamvu yokakamiza ili m'manja mwa bungwe la dziko lomwelo. Ku Koeberg ndi bungwe la National Nuclear Regulator, limene mu Julayi 2024 linalola reactor yoyamba kugwira ntchito zaka zina 20, kampani ya Eskom, mwini wa siteshoniyo, itasintha zigawo zake zikuluzikulu. Kuno kwathu kuli Radiation Protection Authority, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 2005, imene imapereka malayisensi a makina a X-ray m'zipatala, a chipatala cha khansa ku Lusaka, ndi zipangizo za cheza za m'migodi ndi m'mafakitale. Ntchito imeneyi ndi yofunika, koma kuyang'anira reactor yopanga magetsi kumafuna akatswiri ochuluka ndi malamulo ena.

Kumvera malamulowa kuli ndi mtengo wake, ndipo France inauona. Kumapeto kwa 2021, pa kuunika kwa zaka 10 ku Civaux, anapeza ming'alu m'mapaipi othirira madzi pa ngozi. Kampani ya EDF inaimitsa ma reactor ena ofanana nayo kuti iwaunike. Izi zitaphatikizana ndi ntchito zina zokonza, panafika nthawi mu 2022 imene pafupifupi theka la ma reactor 56 a dzikolo anali ataima, ndipo France, imene imagulitsa magetsi kwa anansi ake, chaka chimenecho inagula ochuluka kuposa amene inagulitsa. Palibe ngozi imene inachitika. Malipiro ake anali mabilu okwera ndi mantha a mdima m'nyengo yozizira.

Mafunso amene akadali poyera

Akatswiri sanagwirizanebe pa nkhani yokonza zipangizo zotetezera reactor ili mkati mogwira ntchito. Ovomereza amati vuto limachotsedwa msanga m'malo modikira miyezi 18, ndipo ntchito siunjikana pa nthawi imodzi. Otsutsa amati ola lililonse limene pampu yamasulidwa dala ndi ola limene reactor ikuyenda ndi chitetezo chochepa. America imalola, bola kampani iwerengere kaye chiopsezo chake, koma Davis-Besse inasonyeza malire a mawerengedwe otere.

Palinso ukalamba. Ma reactor ambiri a ku America anapatsidwa layisensi ya zaka 40, kenako 60, ndipo ena aloledwa kufika 80. Pampu imasinthika, koma chithanki cha reactor ndi chinyumba cha konkire sizisinthika, ndipo mafakitale ena amene anapanga zipangizo zoyambirira anatsekedwa kalekale. Ma reactor ang'onoang'ono atsopano, amene amalonda ake akuyendera mayiko a mu Africa, akuti adziziziritsa okha popanda mapampu ambiri. Ochepa kwambiri ndi amene amangidwa, ndiye funso la kangati ayenera kuyesedwa, ndi oyendera angati, likukambidwabe. Nkhani ya ndalama nayo ndi yovuta: NRC imapeza gawo lalikulu la bajeti yake kuchokera ku makampani amene imawayang'anira. Ena amati n'chilungamo kuti wopindula alipire, ena amati n'kovuta kukalipira dzanja limene likukudyetsa.

Kwa ife funso lolemera kwambiri ndi la kukula kwa mawaya athu. Masiteshoni onse a Zambia pamodzi, pa nthawi ya chilala cha 2024, anali osakwana mamegawati 4,000. Langizo lodziwika ndi lakuti reactor imodzi isapitirire pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a magetsi onse a dziko, kuti ikazima mwadzidzidzi isagwetse mawaya onse. Reactor imodzi yaikulu ingakhale yofanana ndi Kariba North Bank yonse, ya mamegawati 1,080. Tiyerekeze kuti ndi Okutobala wa chaka cha chilala, Kariba yaphwa, migodi ya ku Copperbelt ikufuna magetsi, chisankho chili pafupi, ndipo jenereta imodzi ya pa siteshoni yakana kulira. Chitsulo chofunikacho chili kutsidya kwa nyanja, chidzera ku Dar es Salaam kapena ku Beira, ndipo maola a pa layisensi atha. Kodi lamulo lidzamupatsa woyang'anira mphamvu yozimitsa popanda kupempha kwa nduna? Bajeti yake idzachokera kuti, ndipo ntchito yake idzakhala yotetezeka mawa lake? Mainjiniya odziwa kutsutsa kampani yomanga adzaphunzitsidwa ndi ndani, ngati wophunzitsa ndi wogulitsa ali mmodzi? Nanga ife a ku Chipata, amene tidzakhale mumdima sabata imeneyo, tidzaima kumbali ya ndani?